Ndabwereka phiri kwa Che Jafali

Lolemba

M'mawa.

Mapu afika bwino, atatu onse. Ndinawayang'ana dzulo nditangotsika minibasi yochokera ku Namwera. Ndawayang'ananso lero ndisanasambe. Alipobe atatu.

Ndilembe zonse mwadongosolo, kuti zikadzavuta pasadzakhale wonena kuti sindinasamale.

Loweruka likudzali ndi tsiku la makolo pasukulu pathu. Dipatimenti iliyonse ionetse kanthu. A sayansi aonetsanso phiri lawo lophulika lija, la dothi ndi soda, limene lakhala likuphulika chaka chilichonse chibwerereni ine pano. A Chingerezi, sewero la mwana wosamvera makolo. Lomwelo. Ine wa jogalafe ndionetsa phiri lenileni: mapu akale a Phiri la Mangochi, ojambulidwa nthawi ya atsamunda, boma lino likadatchedwa Fort Johnston.

Pepala lake lokhuthala, kumbuyo anamatako nsalu. Kumtunda konseko kulibe mudzi, kulibe msewu. Mizere yofiirira yokhayokha yosonyeza kukwera kwa nthaka, imene m'kalasi timaitcha makontuwa, yopyapyala ngati tsitsi. Timitsinje tabuluu. Nkhalango. Kabokosi kakang'ono kosonyeza linga lakale la asilikali. Panali munthu amene anayenda m'tchire monsemo ndi miyendo yake, kuyeza, n'kudzajambula ndi dzanja. Ana anga a Fomu 3 amalephera kujambula mzere wowongoka rula ili m'manja!

Eni mapu: Che Jafali, amjomba ake a mkazi wanga. Anagwira ntchito ku ofesi ya zankhalango mpaka kupuma. Mapuwa anawalanditsa kwa chiswe ndi kwa anthu amene ankafuna kuyatsira mbaula. Amawasunga m'paipi ya madzi yotseka mbali zonse. Sanabwereketsepo munthu. Ndiwonso ankhoswe a ukwati wathu, ndipo chiyambire sanandionepo ngati munthu woti angamusiyire ngakhale mbuzi. Akuti manja anga amanjenjemera.

Mawu awo dzulo pondipatsa paipi: "Aphunzitsi, Lamulungu phiri langa lidzabwere monga lapitiramu. Likadzabwera mwamtundu wina, tidzakhala pansi."

Ankhoswe akati tidzakhala pansi, sanena za kumwa tiyi.

Adani a mapu:
1. chiswe
2. thukuta (Okutobala wa ku Mangochi!)
3. tiyi wa m'sitafu
4. zala zochokera kogwira mandasi
5. Fomu 1, onse

Madzulo.

Paipi ili pabedi. Mkazi wanga: "Abambo a Zainabu, ndiye ine ndigona kuti?" Ndaiika pamwamba pa wadirobu. Ndaitsitsa, chifukwa pamenepo denga limadontha. Ndakumbuka kuti mvula ikadali kutali. Ndaibwezapo. Ndaifunditsa chitenje.

Lachiwiri

M'mawa.

Wakabaza poona paipi: "Mukukakonza mpope, bwana?" Mbiri ya dziko lino ili pamsana pake, iye akuona mpope.

Nthawi ya buleki.

Ndapukuta tebulo la m'sitafu kawiri, ndachotsa makapu onse, ndayala mapu. Ndakonzeka kufotokoza za sikelo, za makontuwa, za mmene anthu akalewo ankayezera msinkhu wa phiri opanda makina a masiku ano.

Palibe wafunsa ngakhale chimodzi. Aphunzitsi onsewa, anthu a madigiri ndi madipuloma, funso lawo ndi limodzi: "Kwathu kuli pati?"

Mayi wina wa ku Nkhudzi akufufuza Nkhudzi pamwamba pa phiri. Ndikuwauza kuti Nkhudzi ali kunyanja. Akuti: "Nanga nyanjayo ili kuti? Mapu anji opanda nyanja?" A Hedi atambasula magalasi, ayendetsa maso pepala lonse, akuti: "Koma apa palibe kanthu, a jogalafe. Ndi zozungulirazungulira basi."

Palibe kanthu! Phiri lonse lili pamaso pawo, mpaka nsonga, akuti palibe kanthu.

Masana.

Sindikufuna kulemba izi. Ndilemba.

A Hedi andiitana ku ofesi pa nkhani ya choko. Choko! Ndisanatuluke ndanena mokweza kuti wina asakhudze mapu. Ndanena m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndasiya kapepala pamwamba kolembedwa OSAGWIRA.

Pobwerera ndikupeza a Mbewe, aphunzitsi a masamu, akutseka cholembera chawo chofiira, chija amachongera mayeso. Nkhope yowala ngati munthu wapereka magazi kuchipatala.

"Achimwene, azunguwa anaiwala kwa amayi anga. Ndakuthandizani."

Pa mapu achiwiri, chakum'mwera kwa phiri, pali X wofiira, ndi dzina la mudzi wa kwa amayi awo m'zilembo zikuluzikulu, lodulidwa mzere kawiri kunsi. Kapepala kanga ka OSAGWIRA akasunthira pambali bwinobwino kuti kasadetsedwe.

Mudziwo aukhazika pakati pa phompho. Amayi awo akanakhaladi pamenepo bwenzi akupita kumjigo atamanga chingwe m'chiuno.

Ndafunsa chifukwa chake. Akuti mapu opanda mudzi ndi osamaliza. Munthu ameneyu amaphunzitsa ana za magirafu!

Pamndandanda wa adani dzulo ndinaiwala:
6. a Mbewe

Madzulo.

Mkazi wanga akufunsa chifukwa chake sindikudya. Ndati kutentha.

Lachitatu

M'mawa.

Njira zochotsera inki yofiira, monga ndauzidwira:
- labala (ndayesa pang'ono, pepala likutuwa, inki ili phee)
- lezala (ayi!)
- madzi a mandimu (a Chingerezi, iwo sanayesepo)
- mkaka (mayi wa ku Nkhudzi, akuti amatero pa diresi)
- sipiriti wa mu labu (a sayansi, "zimachoka ngati sizinalembedwepo")

Ndasankha sipiriti, chifukwa wanenedwa ndi munthu wa sayansi. Nachi cholakwa changa cha moyo wonse: kukhulupirira satifiketi.

Thonje pang'ono. Dontho limodzi. Ndagwira mkono wamanja ndi wamanzere kuti usanjenjemere.

Dzina lachoka ndithu. X wachoka. M'malo mwake pali banga lapinki lalikulu ngati chikhatho, m'mbali mwake mofiira kwambiri. Phiri la Mangochi tsopano lili ndi nyanja. Mayi wa ku Nkhudzi akhoza kusangalala.

A sayansi atabwera kudzaona: "Aa, inali bolopeni ya mtundu winawu? Mukananena."

Buleki.

Nkhani yafika kale kukhitchini. Ophika abwera awiri, ndi alonda a pageti. Akuti amva kuti ndikulemba midzi pa mapu a boma, ndipo popeza a Mbewe alembedwa, nawonso asatsale. Alonda abwera ndi dzina la mudzi wawo atalemba kale pakapepala kuti ndisaphonye. Ndawafotokozera kuti sindikulemba midzi. Achoka akung'ung'udza za tsankho.

Masana.

A Hedi andiitananso. Sanaone banga, ndaikapo buku. Nkhani yawo ndi ya Loweruka.

Ine ndikufuna mapu akhale pabolodi, kutsogolo kwake timange chingwe, makolo aziona ali chapatali. A Hedi akana. "Makolo athu amaona ndi zala, a jogalafe. Mukawamangira chingwe adzati tikuwayesa ng'ombe. Kawapangitseni lamineti, ngati masatifiketi. Akatero ngakhale wina atayirepo thobwa, mungopukuta."

Lamineti! Ku koleji anatiuza momveka kuti pepala lakale silikutidwa ndi pulasitiki yotentha, chifukwa likalowa lalowa. Koma kuno chilichonse chimene munthu amachikonda amachiwotcha m'pulasitiki. Satifiketi, khadi la kusikelo, chithunzi cha ukwati, kalata ya malo. Ndinaonapo munthu atapangitsa lamineti risiti ya njinga.

Zifukwa zokanira:
- sizibwezeka
- si mapu anga

Zifukwa zovomerera:
- makolo mazanamazana, aliyense ndi zala khumi
- a Mbewe adzakhalapo
- Che Jafali nawo satifiketi yawo yopumira ntchito ili m'pulasitiki, yapachikidwa pabalaza
- chiswe sichidya pulasitiki, mwina angayamikire

Choyenera n'kuwaimbira foni n'kupempha chilolezo. Koma ndikaimba adzafunsa za phiri lawo, ndipo ine sinditha kunama pafoni. Mawu anga amakwera ngati a mwana wa kwaya.

Sindinaimbe.

Lachinayi

M'mawa.

Ndapempha kutuluka. Paipi pakabaza, ulendo wa kumsika kumene kuli timashopu ta mafotokope.

Shopu yoyamba: makina ang'ono. Yachiwiri: makina anafa chaka chatha, koma chikwangwani chikadalipo. Yachitatu ndi ya a Yusufu, munthu wa ndevu zometa bwino ndi kumwetulira kosatha. Pakhomo alemba kuti amachita chilichonse chokhudza pepala.

Ndayala mapu amodzi pakauntala yawo. Ndafunsa ngati makina awo angathe pepala lalikulu chonchi.

"Palibe vuto, a ticha. Zazikulu timapanga daily."

Ndafunsanso, pang'onopang'ono. Ndatambasula manja kusonyeza kukula kwake.

"Walahi, musadandaule. Ntchito yathu ndi imeneyi."

Ndapempha kuona makinawo. Ali kuseri kwa katani. Nthawi yomweyo magetsi thi! Azima.

Masana.

Ndikudikira pabenchi la a Yusufu. Paipi ili pamiyendo. Kutentha ngati m'uvuni ya njerwa. Mayi wina akudikira kuti amupangire lamineti khadi la mwana wake, akundifunsa ngati paipiyo ndikugulitsa.

Magetsi sakubwera. Ine ndili ndi Fomu 4 masanawa, mayeso ali pafupi, ndipo a Hedi aimba kale kawiri.

Ndasiya mapu.

Koma sindinasiye chisawawa. Ndalemba malangizo papepala, ndawawerengera a Yusufu mokweza:
1. Sambani m'manja.
2. Musaike kanthu pamwamba pake.
3. Musalembepo.
4. Musaonetse anthu.
5. Moto wa makina ukhale wochepa.
6. Musapinde.
7. Zikakayikitsa, imbani foni.

"Zonse zamveka, a ticha. Mawa tikatuluka ku Juma mudzapeza zatheka, Insha Allah."

Madzulo.

Che Jafali aimbira mkazi wanga. Ndikumva mawu awo ndili kuchipinda: "Phiri langa lili bwanji kumeneko?" Mkazi wanga: "Lili bwino, amjomba, akulisamala ngati khanda." Ine ndili kuseri kwa chitseko ndi paipi yopanda kanthu.

Ndawerenganso kope langa la malangizo. Pali chimene ndaiwala? Sindikuchiona. Mtima ukuti chilipo.

Lachisanu

Masana.

8. MUSADULE.

Ndi chimenecho. Sindinachilembe chifukwa sindinaganize kuti pansi pa thambo pali munthu wofunika kumuuza.

Titatuluka mumzikiti ndathamangira kwa a Yusufu. Andilandira ndi manja awiri. Andipatsa buku. Buku! Lonenepa, lonyezimira, lomangidwa ndi waya wozungulira uja kumbali. Pachikuto aikapo maluwa, ndi dzina langa lolembedwa molakwika.

Ndafunsa kuti mapu anga ali kuti.

"Ndi amenewo, a ticha. Makina athu amalandira saizi ya satifiketi, ndiye tinawadula bwinobwino ndi rula. Kumangako sitikulipiritsani, ndi mphatso. Muzingotsegula ngati buku."

Ndakumbutsa kuti anati zazikulu amapanga.

"Eya. Timapanga chonchi."

Ndatsegula. Tsamba lililonse ndi chidutswa cha phiri, chouma gwa m'pulasitiki, makona ake ozungulira, m'mbali mabowo a waya. Zidutswa za mapu onse atatu zasakanikirana. Tsamba lina lili chadodolido. Mtsinje ukuyamba patsamba lachitatu, ukupitirira kwinakwake chakumapeto.

Ndafunsa za m'mphepete: sikelo, muvi woloza kumpoto, kabokosi kofotokoza zizindikiro, dzina la mapu, zonse zimene zimachititsa mapu kukhala mapu.

"Zoyera za m'mbalizo? Tinachotsa. Zimangodya pulasitiki."

Zili kuti? Anatayira m'katoni, katoniyo anatenga mayi wa chipisi.

Malangizo anga onse asanu ndi awiri anawatsata, akutero, ndipo akunena zoona. Sanapinde. Anasamba m'manja. Sanaimbe foni chifukwa palibe chinawakayikitsa.

Ndalipira. Ndalipira! Ndanenanso zikomo. Ndinaleredwa moipa bwanji ine.

Madzulo.

Ndamasula waya. Ndasuntha mipando ya pabalaza, ndayala zidutswa pansi. Ntchito: kubwezeretsa phiri.

Zovuta:
- zidutswa zonse n'zofanana, mizere yofiirira yokhayokha
- pamene a Yusufu anadula anawongolanso m'mbali, ndiye mizere siikumana
- pulasitiki ikunyezimira, maso akuwawa
- chidutswa chokha chimene ndikudziwa malo ake mosakayika ndi cha banga lapinki

Ndafika poyamika a Mbewe. Mulungu andikhululukire.

Mkazi wanga walowa, waima pakhomo. "Abambo a Zainabu, amenewa ndi mapu a amjomba?" Ndati inde. Wakhala pampando, wagwira kukamwa. Kenako: "Ine Lamulungu ndidwala."

Ndamuuza kuti sadwala. Anandiperekeza pokabwereka, adzandiperekeza pokabweza.

Kusanade phiri layamba kuoneka. Kum'mwera kwatheka. Linga lapezeka. Pakati pali mpata. Ndafufuza pansi pa mipando, m'chikwama, m'paipi. Ndayalanso kuyambira pachiyambi.

Mpata ulipobe. Chidutswa cha nsonga ya phiri palibe.

Loweruka

M'mawa kwambiri.

Ndili pakhomo pa a Yusufu asanatsegule. Afika akumwetulira.

"Kamodzi kaja? Pepani a ticha, ndimati ndikuuzeni. Magetsi atabwera anabwera ndi mphamvu, makina anakadya."

Atulutsa m'dirowa kanthu kakuda kopiringizika ngati chikamba cha nsomba yopserera. Nsonga ya Phiri la Mangochi, malo okwera kuposa onse pa mapu atatuwa, yandikwana m'thumba la shati.

"Koma panalibe zambiri pamenepo. Tinaona. Panalibe ngakhale mudzi."

Ndachoka ndisanachimwe.

M'mawa.

Ndakhoma zidutswa pabolodi m'kalasi la Fomu 3, ndi selotepi. Mapini sakulowa m'pulasitiki. Pakati pali bowo la makona anayi, bolodi lakuda likuonekera. Ndalemba kapepala kofotokoza mbiri ya mapu. Palibe adzawerenge.

Makolo afika. Amayi a mipango, abambo a mikanjo ndi a majekete, ana ang'onoang'ono ogwira mafirizesi. Alowa. Aona kunyezimira. Akondwa!

"Koma ndiye zokongola!"
"Zachokera kunja izi?"
"Pakatipo ndi dziwe?"

Kenako funso lija. "Kwathu kuli pati?"

Ndayamba kufotokoza kuti kumtundako ndi nkhalango yotetezedwa, sikukhala anthu, kunalibe anthu pamene mapu ankajambulidwa. Ndili pakati pa chiganizo, a Hedi alowa ndi mlendo wolemekezeka, bambo wina wa ku ofesi ya maphunziro amene wavala suti yakuda m'kutentha kuno. A Hedi akufuna kuonetsa kuti sukulu yathu imagwira ntchito limodzi ndi makolo. M'manja mwawo muli bokosi la mamaka, zolembera zikuluzikulu zija.

"Makolo athu, mapu awa ndi anu! Aliyense alembe mudzi wake. Musaope, ndi pulasitiki, tipukuta."

Ndanong'oneza kuti mapuwo si athu. Akuti: "Ndati tipukuta, a jogalafe."

Mlendo wolemekezeka ndiye wayamba. Kwawo ndi ku Rumphi. Walemba.

Masana.

Zimene ndaona ndi maso anga:
- abambo awiri kukangana kuti mudzi wa ndani uli kumtunda kwa wa mnzake, pamalo pamene ndikudziwa kuti pali thanthwe lokhalokha
- mayi wina kulemba mudzi wake, wa amuna ake, ndi wa kumene anakwatiwa poyamba
- alonda a pageti kulemba wawo, n'kundiyang'ana m'maso
- a Mbewe kubwezeretsa kwa amayi awo, pakati penipeni pa banga lapinki
- munthu wina kujambula mzikiti, wina tchalitchi pambali pake, wina chigayo

Phiri limene Lolemba linalibe munthu ndi mmodzi yemwe, tsopano lili ndi anthu kuposa boma la Mangochi. Kwangotsala depoti ya minibasi.

Kunja kwamveka kuwomba m'manja. Phiri la a sayansi laphulika. Onse athamangirako.

Madzulo.

Nsanza yonyowa: sizikuchoka. Sopo: sizikuchoka. Ndatola maka imodzi pansi, ndawerenga zolembedwa pambali pake. Ndi aja osafufutika, ogulira kulemba pamatumba a chimanga.

A sayansi: "Yesani sipiriti."

Ndawayang'ana mpaka achoka.

Ndayesabe, pakona. Zikuchoka pang'ono, zikusiya utsi wakuda, ndipo botolo latha ndisanamalize mudzi wachitatu. Labu atseka, makiyi apita ndi munthu ku Malindi mpaka Lolemba.

A Hedi akuti dipatimenti ya jogalafe yachita bwino kuposa onse chaka chino, chaka chamawa tidzachitenso. Ndamatula zidutswa, ndaika m'jumbo.

Lamulungu

M'mawa.

Mkazi wanga sanadwale. Wavala mpango wake wa maliro, akuti ndi umene unali pafupi.

Minibasi ya ku Namwera. Jumbo ili pamiyendo, paipi yopanda kanthu pansi pa mpando. Tikukwera zitunda, injini ikulira. Ndikubwereza m'mutu mawu oti ndikanene. Ndakonza njira zitatu: yoyamba ndi a Mbewe, yoyamba ndi magetsi, yoyamba ndi ubwino wa pulasitiki polimbana ndi chiswe.

Masana.

Che Jafali ali pakhonde, atavala kofia yoyera. Salamu, moni wa ana, za ulendo, za kutentha kwa kuboma. Atambasula dzanja kuti alandire paipi. Aigwedeza. Yopepuka.

Ndapereka jumbo. Njira zanga zitatu zonse zauluka. Ndangoti: "Amjomba, ndalakwa."

Atulutsa zidutswa chimodzichimodzi. Sakufulumira. Chilichonse akuchitembenuza, akuona nsalu ija kumbuyo itauma m'pulasitiki, akuona mabowo a waya, akuwerenga midzi. Pa china aima.

"Rumphi?"

Ndati ndi mlendo wolemekezeka.

Ayala zonse pamkeka, ine ndikuthandiza. Mkazi wanga wathawira kukhitchini kwa azakhali ake. Phiri lagona pakati pathu ndi chigayo chake, ndi bowo lake.

"Pamwamba pali kuti?"

Ndatulutsa kanthu kakuda kaja m'thumba la shati. Akalandira ndi manja awiri, monga timalandirira uthenga wa maliro. Akayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Aitana mkazi wanga kuti amve nawo. Ndiye kukhala pansi kuja.

"Mwana wanga, amuna akowa sindikulanda, usaope. Munthu wotere ukamubweza kwawo, sangafike." Kenako kwa ine: "Aphunzitsi, ndinakupatsani phiri lathunthu. Midzi iyi ndikhululuka, anthu amafuna pokhala. Mabowo ndikhululuka. Koma phiri lopanda mutu m'nyumba mwanga ayi. Inu munapita ku koleji ya mapu. Sukulu ikatsekera mudzakwere, mukayeze, mudzajambule chidutswa chosowacho ndi dzanja lanu, chilowe apa."

Ndati mwina ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuli ofesi imene ingakhale ndi kope lina.

"Kope lina ndi la anthu ena. Ine ndikufuna langa."

Ndafunsa ngati adzatsagana nane, popeza njira akuidziwa.

"Ine ndakalamba. Ndidzakudikirani pansi."

Madzulo.

Tabwerera. Mkazi wanga akuti zatha bwino. Waseka kuchokera ku Namwera mpaka pamlatho wolowera kuboma.

Chiyambire sindinakwerepo phiri. Ndaphunzitsa mapiri zaka zonsezi ndili pa simenti, choko m'manja. Masitepe a ku banki amandipatsa befu.

Zofunika:
- nsapato zolimba
- kampasi (ya sukulu muvi wake unagwa)
- mankhwala a bondo
- kufunsa za njoka
- kufunsa za anyani
- kulemba wilo yogawa chuma changa

Chidutswa chinapsacho ndikuchikumbuka bwino, ndinachiyang'ana nthawi yaitali chisanapite kwa a Yusufu. Chaka chilichonse ndimauza ana kuti makontuwa akatalikirana, malowo ndi oyendeka, akathinana ndiye kuti pamafunika manja ndi mawondo.

Pamenepo anathinana mpaka pepala linkaoneka lofiirira lonse.